Zimbale Zakale za Pop, Rock ndi Folk: Mugule Chiti, Musiye Chiti

Mu Januwale 2022 anthu okonda nyimbo za Neil Young ndi Joni Mitchell anatsegula Spotify n'kupeza nyimbozo kulibe. Oimba awiriwa anazichotsa okha, podandaula kuti kampaniyo ikulekerera pulogalamu ina imene iwo ankati ikufalitsa mabodza okhudza katemera wa Covid-19, ndipo sanazibweze mpaka mu 2024. Munthu amene anali ndi chimbale cha Mitchell chotchedwa Blue m'kabati mwake sanadziwe n'komwe kuti kunja kwagwanji. Nyimbo za pa intaneti n'zobwereka, mwini wake akazifuna amadzatenga osagogoda, ndipo bandulo ikatha nazonso zimathera pomwepo. N'chifukwa chake zimbale zina ndi bwino kukhala nazo zanuzanu.

Koma zimbale zimene anthu amazitama zilipo mazanamazana, thumba ndiye limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndisanatulutse ndalama ndimadzifunsa zinthu ziwiri. Kodi chimbalechi anachimanga ngati nyumba imodzi, kapena muli nyimbo ziwiri zabwino, zinazo n'zongodzadzira malo? Nanga ndizikachimvera kuti, ndili ndi ndani? Chimbale chokoma pa mahedifoni pakati pa usiku chikhoza kubalalitsa alendo pabalaza.

Zosankhiratu kapena chimbale chathunthu

Oimba ena luso lawo linali pa nyimbo imodziimodzi ya pa wayilesi, ndipo kwa amenewa chimbale chosonkhanitsa nyimbo zawo zotchuka n'chokwanira. ABBA, gulu la ku Sweden lija linapambana mpikisano wa Eurovision ku Brighton mu 1974, lili ndi chimbale chabwino cha Arrival cha 1976, momwe muli "Dancing Queen". Komabe Gold cha 1992 chili ndi nyimbo 19, ndipo palibe imene mungadumphe pa phwando. Gulani chimenecho, nkhani ya ABBA yatha. Queen chimodzimodzi: Greatest Hits cha 1981 ndi chimbale chimene chagulidwa koposa china chilichonse ku Britain, ndipo sizinachitike mwangozi.

Chenjerani ndi Eagles. Chimbale chawo cha Their Greatest Hits (1971–1975) chilibe "Hotel California", poti nyimboyo inatuluka kumapeto kwa 1976, chimbalecho chili kale pamsika. Ambiri amazindikira izi atafika kale kunyumba.

Oimba onse amene nditchule kumunsiku ndi a mtundu wina. Kudula nyimbo zawo n'kuzisakaniza kuli ngati kuwerenga buku moyambira pakati.

Beatles: zitatu zikulimbirana malo amodzi

Mukafunsa akatswiri, ambiri akulozerani Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha 1967. Ine sindingayambe ndi chimenechi. Gululi linasiya kuimba pamaso pa anthu mu Ogasiti 1966, n'kudzitsekera mu situdiyo kwa miyezi, kuyesa zinthu zachilendo pa makina ojambulira a njira zinayi zokha. Zimene anachitazo zinadabwitsa dziko pa nthawiyo, koma lero zina mwa izo zimamveka ngati zidole za ana olemera. "A Day in the Life" ndi nyimbo yaikulu, sinditsutsa. Zinazo zimafuna munthu wodziwa kale mbiri yake kuti azikonde.

Revolver cha 1966 n'chakuthwa kuposa pamenepo, nyimbo zazifupizifupi, iliyonse ndi nkhope yakeyake. Kungoti pano pali msampha kwa ogula mbale zakale za galamafoni. Chimene chinatuluka ku Britain chili ndi nyimbo 14, pomwe cha ku America cha kampani ya Capitol chili ndi 11, ndipo zitatu zosowazo zonse ndi za John Lennon. Werengani nyimbo kuseri kwa chikuto musanalipire. Vuto lina la zimbale za Beatles za zaka zimenezi ndi lakuti pa stereo mawu a woimba nthawi zina amakhala mbali imodzi, zoimbira mbali ina. Ngati muli ndi chizolowezi chogawana kahedifoni ndi mnzanu, mmodzi wa inu azingomva ng'oma.

Changa ndi Abbey Road, cha Seputembala 1969, chomaliza chimene anayiwo anajambula limodzi, ngakhale Let It Be chinatuluka pambuyo pake mu 1970. Anachijambula pa makina a njira zisanu ndi zitatu, ndipo kamvekedwe kake n'kofunda, kodzadza, kosakalamba. George Harrison, amene zaka zonsezo ankangopatsidwa kadanga kochepa pakati pa Lennon ndi Paul McCartney, ndiye analemba nyimbo ziwiri zimene anthu amazikumbukira kwambiri pa chimbalechi, "Something" ndi "Here Comes the Sun". Mbali yachiwiri ili ndi tinyimbo tosamaliza tomwe anatilumikiza kukhala chingwe chimodzi cha mphindi pafupifupi 16. Chingwe chimenechi simungachipeze pa zosankhiratu, ndipo foni ikamasakaniza nyimbo imachiduladula n'kuchiwononga. Chilema chilipo chimodzi, "Maxwell's Silver Hammer", nyimbo imene ngakhale anzake a McCartney anatopa nayo mu situdiyo.

Rumours kapena The Dark Side of the Moon

Ziwirizi zagulidwa makope opitirira 40 miliyoni chilichonse, ndipo munthu wofuna chimbale chimodzi cha rock ya m'ma 1970 amathera pa mphambano imeneyi.

Rumours cha Fleetwood Mac chinatuluka mu Febuluwale 1977. Mukachimva koyamba mungati ndi nyimbo zosangalatsa za pa ulendo, mawu atatu olukana bwino, ng'oma zosathamanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene ankachijambula ku Sausalito, ku California, mu 1976, banja la John ndi Christine McVie linali likutha, chibwenzi cha Stevie Nicks ndi Lindsey Buckingham chinali chikuphwasuka, ndipo kwa woimba ng'oma, Mick Fleetwood, nakonso kunyumba kunali moto. Onsewa ankakumana tsiku ndi tsiku m'chipinda chimodzi. Buckingham analemba "Go Your Own Way" pomunena Nicks, Nicks n'kuimira pomwepo kumuthandiza kuimba. Naye Nicks analemba "Dreams" pomunena Buckingham, mwamunayo n'kuikonzera gitala. Taganizani kuimbitsidwa kolasi ya nyimbo yokunenani inu nomwe, usiku ndi usiku, kwa zaka.

Chimbalechi chinalandira mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana mu 1978, ndipo mu 2020 "Dreams" inabwereranso pa mndandanda wa nyimbo zotchuka chifukwa cha kavidiyo ka pa TikTok, ana obadwa zaka makumi angapo pambuyo pake n'kuikonda ngati yatsopano. Ngati mungathe, pezani CD imene ili ndi "Silver Springs". Nyimboyi anaichotsa pa chimbale choyambirira, chifukwa china n'chakuti mbale ya galamafoni inalibe malo, ndipo Nicks zinamuwawa kwa zaka zambiri. Ndi imodzi mwa zabwino zedi zimene analembapo.

The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd, cha Malichi 1973, ndi nyama ina. Ndi mphindi pafupifupi 43 zolumikizana, zoyamba ndi kugunda kwa mtima n'kuthera pa kugunda komweko, zokamba za nthawi, ndalama, imfa ndi misala. Muli mawotchi olira, phokoso la makina owerengera ndalama, ndiponso Clare Torry akulira ndi mawu opanda liwu lililonse lomveka pa "The Great Gig in the Sky". Chinakhala pa mndandanda wa zimbale zotchuka wa Billboard ku America kuyambira 1973 mpaka 1988. Koma chimafuna ulemu. Pa kasipika ka foni, theka la zimene injiniya Alan Parsons anajambula mu situdiyo ya Abbey Road zimasowa. M'galimoto, phokoso la injini limameza mbali zonse zachete. Mukachiika pali alendo, wina afunsa ngati wayilesi yawonongeka.

Ndiye ngati muli ndi mahedifoni abwino ndi ola limodzi lopanda wokusokonezani, Pink Floyd ikupatsani zimene Fleetwood Mac singathe. Ngati nyimbo mumamvera mukuchapa, mukuyendetsa, ana akuthamangathamanga, tengani Rumours. Ambirife moyo wathu ndi wachiwiriwu, n'chifukwa chake ndikanati ndigule chimbale chimodzi chokha pa zonse za m'nkhani ino, chikanakhala chimenechi.

Munthu mmodzi ndi gitala kapena piyano

Apa pali nkhani imene otama zimbale a ku America ndi ku Britain saiganizira, poti Chingerezi n'chawo. Nyimbo za folk zimadalira mawu. Ngati khutu lanu silitola msanga Chingerezi choimbidwa, zimbale zina zotamandika zikhoza kukumvekerani ngati munthu akudandaula ndi gitala kwa mphindi 50.

Bob Dylan ndiye chitsanzo. Analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 2016, ndipo ndakatulo zake n'zoyeneradi. Koma mawu ake ndi a m'mphuno, okanda, ndipo saimba mofuna kusangalatsa munthu. The Freewheelin' Bob Dylan cha 1963 ndi iye, gitala ndi kalimba ka pakamwa pafupifupi chimbale chonse. Highway 61 Revisited cha 1965 ndi cha chaka chimene anakwiyitsa okonda folk potenga gitala ya magetsi pa chikondwerero cha nyimbo za folk ku Newport. Woyamba kumene ndingamupatse Blood on the Tracks cha Januwale 1975, chimene theka anajambula ku New York, theka n'kukajambulanso ku Minneapolis patatsala milungu yochepa kuti chituluke. Pamenepo mawu ake afewako ndipo nyimbo zili ndi njira yoti n'kuitsata. Komabe muyambe mwamvera nyimbo ziwiri kapena zitatu musanagule. Dylan si wogula chifukwa choti ena anena.

Mpikisano weniweni uli pakati pa amayi awiri amene anajambula zimbale zawo m'nyumba imodzi, situdiyo ya A&M ku Hollywood, chaka chimodzi cha 1971. Carole King anali atakhala zaka khumi akulembera ena nyimbo. Iye ndi Gerry Goffin ndiwo analemba "Will You Love Me Tomorrow" imene Shirelles anatchuka nayo mu 1960, ndiponso nyimbo ija Aretha Franklin anaimba mu 1967, "(You Make Me Feel Like) A Natural Woman". Pa chimbale chake cha Tapestry, King anazitenganso n'kuziimba yekha pa piyano, ndi mawu wamba, ngati mlongo wanu akuimba kukhitchini. Chinakhala pa nambala wani ku America milungu 15 ndipo King anatenga ma Grammy anayi. Chingerezi chake n'chosavuta, nyimbo zake mumayamba kuziimba nawo musanafike n'kumapeto komwe. Joni Mitchell ndi James Taylor akumveka chapansipansi akumuthandiza pa "Will You Love Me Tomorrow".

Blue cha Mitchell sichikulandirani ndi manja awiri choncho. Nyimbo khumi, mphindi pafupifupi 36, mawu okwera ndi kutsika mosayembekezeka, gitala yochunidwa mwachilendo. Anadwala poliyo ali ndi zaka 9, dzanja lamanzere linafooka, ndiye anapeza njira zakezake zochunira zingwe kuti zala zisavutike, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa kamvekedwe kamene wina aliyense alibe. "Little Green" ndi nyimbo ya mwana wake wamkazi amene anamupereka kuti akaleredwe ndi ena mu 1965, ali wosauka komanso yekha. Anthu anaimvera zaka zoposa makumi awiri osadziwa kuti ikunena zoona, mpaka nkhaniyo inaululika ndipo mayi ndi mwana anakumananso mu 1997. Nditachimva koyamba sindinachikonde, ndinaona ngati mayiyu akungodziimbira yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero Tapestry ndimachiika kukabwera anthu, Blue ndimachiika anthu akapita. Wogulira mphatso munthu amene sakumudziwa bwino asankhe Tapestry.

Pali chachitatu chimene sindingachisiye, ngakhale ndi cha m'mbuyo mwake: chimbale choyamba cha Tracy Chapman, cha 1988, chongotchedwa dzina lake. Pa 11 Juni chaka chimenecho, ku Wembley ku London kunali konsati yokumbukira kuti Nelson Mandela akukwanitsa zaka 70 ali m'ndende. Zipangizo za Stevie Wonder zitavuta, okonza anakankhira mtsikanayu kutsogolo kachiwiri kuti atseke mpata, ali ndi gitala yokha, ndipo dziko lonse linamva "Fast Car". Mawu ake ndi akuya, omveka liwu lililonse, ndipo nkhani zake ndi za ntchito yosowa, bambo woledzera, mkazi womenyedwa kuseri kwa khoma apolisi osabwera. Simufunika kudziwa America kuti muzimve. Pa zimbale zonse za folk, ichi ndi chimene sichifuna womasulira.

Paul Simon kawiri

Bridge over Troubled Water cha Januwale 1970 chinali chomaliza chimene Simon ndi Art Garfunkel anajambula limodzi mu situdiyo, ndipo kupatukana kwawo kukumveka m'kati mwake: Garfunkel anali ku Mexico kukachita filimu, Simon n'kutsala yekha ku New York akulemba. Nyimbo ya mutu wa chimbalechi inamera kuchokera ku nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America, makamaka mzere umene Claude Jeter wa gulu la Swan Silvertones anaimba, ndipo n'chifukwa chake aliyense wokulira m'kwaya amaimva ngati yakwawo. Kwa munthu wokonda mawu awiri ogwirizana bwino, palibe chochiposa. Kungoti zoimbira zina zachuluka mopitirira, ngati keke yothira shuga kawiri.

Graceland cha 1986 ndi nkhani yayitali. Simon anamva kaseti ya nyimbo za m'makomboni a ku South Africa, n'kupita ku Johannesburg mu Febuluwale 1985, pa nthawi imene bungwe la United Nations linkaletsa oimba kugwira ntchito m'dzikolo pofuna kufinya boma la tsankho. Ena anamudzudzula kuti waphwanya chiletso ndipo wadyera pa luso la anthu oponderezedwa. Ena, kuphatikizapo Hugh Masekela ndi Miriam Makeba amene anali kunja kwa dziko lawo chifukwa cha tsankho lomwelo, anaima naye n'kuyenda naye pa ulendo woimba, womwe unafika pa bwalo la Rufaro ku Harare mu 1987. Mkanganowo sunathe mpaka lero, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Gulu la Los Lobos la ku America nalonso linadandaula kuti silinalembedwe ngati eni nawo a nyimbo yomaliza ya chimbalechi.

Chimene sichikanika ndi luso la oimbawo. Ladysmith Black Mambazo ya Joseph Shabalala inadziwika dziko lonse kuchokera apa. Besi ya Bakithi Kumalo pa "You Can Call Me Al" ili ndi kachigawo kothamanga kamene theka lake lachiwiri ndi tepi yongotembenuzidwa, n'chifukwa chake ana ophunzira besi amathyoka nako zala. Ndipo gitala imene imanyamula chimbale chonsechi ndi ya Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene anamwalira mu 2017. Dzinalo lisakudabwitseni: bambo amene anamulera anali wochokera ku Malawi, mmodzi wa anthu ambirimbiri amene anapita kukagwira ntchito ku Joni, ndipo naye ankaimba gitala. Pa ziwirizi ine ndimatenga Graceland, koma ndimachimvera ngati chimbale cha Phiri, Kumalo ndi Shabalala chimene Simon anaikapo ndakatulo zake. Mukachikonda, ndalama yotsatira ipite ku chimbale cha Stimela kapena cha Mambazo.

Mbale, CD kapena fayilo

Kwa ambiri yankho ndi CD. Zakale zimapezeka motchipa m'masitolo a katundu wogwiritsidwa kale ntchito, makamaka ku Britain ndi ku South Africa, sizitha ndi kuseweredwa, ndipo mukhoza kuzikopera pa kompyuta n'kuika mu foni. Zimbale zina zinapangidwiratu CD. Brothers in Arms cha Dire Straits, cha 1985, chojambulidwa pa chilumba cha Montserrat, chinali choyamba kugulidwa makope miliyoni imodzi pa CD, ndipo pa mbale ya galamafoni nyimbo zake zingapo anazifupikitsa kuti zikwane. Kugula mafayilo pa intaneti n'kwabwinonso, bola muwasunge malo awiri. Kaseti isiyeni, pokhapokha ngati mukuifunira chikumbutso: tepi imatafunidwa ndipo kutentha kumaiwononga.

Mbale ya galamafoni ndi yokoma m'manja ndi m'maso, chikuto chachikulu, mawu a nyimbo osindikizidwa oti n'kumawerenga. Zimbale za m'ma 1960 ndi 1970 anazikonza poganizira mbali ziwiri za mphindi pafupifupi 22, ndiye kutembenuza mbale kuli ngati kupuma kumene oimbawo anakukonzerani. Koma ndi yodula, imafuna makina ndi singano yabwino, imadana ndi fumbi, ndipo mukaisiya padzuwa kapena m'galimoto yotseka imapindika ngati chipapa. Isungeni choimirira, osati mosanjikiza. Pogula yakale, itulutseni m'chikuto, muipendeke pa kuwala. Timizere tosaoneka bwino si vuto, koma mzere umene chikhadabo chikuumva ndiye kuti singanonso idzaumva. Iikeni pa tebulo muone ngati yagona bwino.

Ndipo mukapeza Abbey Road, musakabweze kwa wogulitsa poganiza kuti ndi yowonongeka. Nyimbo yomaliza ya mbali yoyamba, "I Want You (She's So Heavy)", imaduka mwadzidzidzi pakati pa phokoso, ngati magetsi azima. Lennon ndiye anauza injiniya kuti adule tepi pamenepo. Ku mbali yachiwiri, nyimbo yotchedwa "The End" ikatha musafulumire kunyamula singano. Dikirani masekondi angapo, pakubwera kanyimbo ka masekondi 23, "Her Majesty", kamene pa zikuto zoyambirira sikanalembedwe n'komwe.